Asilikali a zipewa zabuluu: phunziro la ku Congo



Zinthu zikathina m'dziko timamva anthu akufunsa kuti, "Kodi a United Nations ali kuti?" Kuti tiyankhe bwino funsoli tiyambe taona mmene bungweli analimangira. Pamene linkakhazikitsidwa m'chaka cha 1945, mayiko asanu, Amereka, Soviet Union, Britain, France ndi China, anatenga mipando yosachoka m'nthambi yoona zachitetezo. Limodzi mwa mayikowa likangoti ayi, nkhani yathera pomwepo. Tsono Amereka ndi Soviet Union anatha zaka zoposa 40 akulimbirana ukulu, ndipo asilikali osungitsa mtendere ankapita kokhako kumene awiriwa alola.

M'chaka cha 1956 asilikali a bungweli anapita ku Egypt pa mkangano wa Suez, chifukwa awiri aja ankafuna kuti Britain, France ndi Israel achokeko. Masabata omwewo akasinja a Soviet Union ankapondereza anthu ku Hungary, koma kumeneko sikunaponde msilikali wa United Nations ndi mmodzi yemwe.

Phunziro lalikulu lili ku Congo. Dzikoli linalandira ufulu kuchokera kwa atsamunda a ku Belgium pa 30 Juni 1960, pulezidenti ali Joseph Kasavubu, nduna yaikulu Patrice Lumumba. Pasanathe sabata asilikali anaukira akuluakulu awo achizungu, Belgium inatumizanso ankhondo ake, ndipo pa 11 Julayi Moise Tshombe analengeza kuti chigawo cha Katanga, mwini migodi ya mkuwa, chadzipatula. Lumumba ndi Kasavubu anapempha thandizo ku United Nations. Asilikali anafika msanga kuchokera ku Ghana, Ethiopia, Morocco, Tunisia, Sweden, Ireland ndi kwina, mpaka chiwerengero chinayandikira 20,000.

Apa ndi pamene panagona vuto. Lumumba ankayembekeza kuti alendowa amuthandiza kubweza Katanga ndi mfuti. Mlembi wamkulu wa bungweli, Dag Hammarskjöld, anakana, nati ntchito yawo si kulowerera mikangano ya eni dziko. Lumumba anatembenukira ku Soviet Union imene inamupatsa ndege ndi malole. Walira mvula walira matope: kuyambira pamenepo Amereka inamuona ngati munthu wa adani ake.

Pa 5 Sepitembala Kasavubu anachotsa Lumumba paudindo. A United Nations anatseka mabwalo a ndege ndi wailesi ya ku Leopoldville, ati pofuna bata. Koma Kasavubu ankatha kuyankhula pa wailesi ya ku Brazzaville, tsidya lina la mtsinje, pamene Lumumba anatsekedwa pakamwa. Pa 14 Sepitembala mkulu wa asilikali Joseph Mobutu analanda boma. Lumumba anakhala m'nyumba, a zipewa zabuluu akumulondera, a Mobutu atazinga kunja. Atathawa anagwidwa panjira, ndipo pa 17 Januwale 1961 anaphedwa ku Katanga, asilikali osungitsa mtendere ali m'dziko momwemo. M'chaka cha 1975 komiti ya aphungu a ku Amereka inapeza kuti bungwe lawo la akazitape la CIA linakonzapo zomupha ndi poizoni, ndipo mu 2002 boma la Belgium linapepesa pa mbali imene linatengapo.

Hammarskjöld naye anali pakati pa moto. Nikita Khrushchev wa ku Soviet Union ankafuna kuti atule pansi udindo, m'malo mwake mukhale alembi atatu. Pamene asilikali ake anayamba kumenyana ndi a Tshombe, Britain ndi Belgium anakwiya. Usiku wa pa 17 kuchera pa 18 Sepitembala 1961, ndege imene anakwera popita kukakambirana ndi Tshombe inagwa pafupi ndi Ndola, ndipo anthu onse 16 anafa. Nthawi imeneyo Ndola ndi ife tinali m'chitaganya chimodzi. Kafukufuku wa ngoziyi anatsegulidwanso m'chaka cha 2015.

Tisawanyoze asilikaliwa. Katanga anabwerera mu Januwale 1963, dziko silinang'ambike, ndipo anthu a United Nations okwana 250 anasiya moyo wawo kumeneko. Koma mlendo ndi mame. Anachoka mu Juni 1964, chaka chotsatira Mobutu anatenga dziko lonse, nalamulira mwankhanza mpaka 1997, kwa zaka zambiri mayiko a azungu akumuchirikiza chifukwa chodana ndi chikomyunizimu.

Onaninso Namibia. Ndondomeko ya ufulu wake inavomerezedwa mu 1978, koma inagona m'kabati zaka khumi chifukwa Amereka ndi South Africa ankati asilikali a ku Cuba ayambe achoka ku Angola. Akuluakulu aja atayamba kumvana, United Nations inayang'anira chisankho mu 1989, ufulu n'kubwera pa 21 Malichi 1990. Ku Mozambique, kumene abale athu oposa miliyoni imodzi anathawira kuno, asilikali osungitsa mtendere anabwera Frelimo ndi Renamo atasainirana kale ku Rome mu 1992, ndipo chisankho chinachitika mu 1994.

Amayi ndi abambo, asilikali a zipewa zabuluu amatha kulondera malire, kulanda mfuti kwa amene avomera kuzitula, ndi kuperekeza anthu kokavota. Koma boma limene anthu asankha saliteteza kwa amene akufuna kulilanda. Ntchito imeneyo ndi ya asilikali omvera malamulo, makhoti oima paokha, nyuzipepala zosaopa, ndi nzika zimene sizilola kugawidwa ndi mlendo wobwera ndi mphatso. Tisadikire ndege yochokera ku New York.