KOMPYUTA YAKANA NETIWEKI: KODI VUTO LILI PATI?

Lero tikambirana za kompyuta imene ili mu ofesi ya parishi, ndi zina zija ana athu a ku Joni amatitumizira, zimene tsiku lina zimangokana kulowa pa intaneti. Ena mukuti mumtima: nanga ife zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza ndithu. Masiku ano mwana wofuna malo ku yunivesite amatha kulembera pa intaneti, ndipo malipoti a chitukuko sapitanso pa positi.

Tiyambe ndi kuulula zathu. M'chaka cha 2024 nyanja idakwera kwambiri, madzi nalowa m'nyumba za anthu m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Ife tidapemphedwa kutumiza maina a mabanja ovutika pofika Lachisanu. Lachinayi kompyuta idakana. Tidainyamula pa kabaza mpaka pa boma, kwa mnyamata wina wokonza zinthu zotere. Iye adagona nayo, natiuza kuti idadwala mavairasi, natilipiritsa. Titabwerera kuno idakananso. Amene adapeza vuto ndi mtsikana wa m'kwaya, wa Fomu 3: bandulo idali itatha Lachitatu. Maina aja adapita Lolemba, ndipo mabanja ena adadikira ulendo wachiwiri wa thandizo. Manyazi amenewo tikadali nawo.

Kulakwa kwathu kudali kothamangira kutali tisanayang'ane pafupi. Munthu wochoka ku Makanjira kupita ku Blantyre sakwera chinthu chimodzi. Amayamba ndi njinga kukafika pa siteji, kenaka matola kukafika pa boma, pomaliza basi. Akapanda kufika timafunsa kuti wakanirira pati. Uthenga wa pa kompyuta nawonso umayenda maulendo atatu. Woyamba ndi wochoka pa kompyuta kufika pa kabokosi kaja kotchedwa rauta kapena MiFi, kapena pa foni imene yatsegulidwa hotspot. Ulendo waufupi umenewu ndiwo umatchedwa Wi-Fi. Wachiwiri ndi wochoka pa kabokosi kufika pa nsanja ya TNM kapena Airtel, ndipo mtengo wake ndi bandulo. Wachitatu ndi wa zingwe zochoka pa nsanja, zodutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, mpaka pansi pa nyanja ya mchere. Choncho Wi-Fi si intaneti ayi. Kompyuta itha kuonetsa kuti yalumikizana bwino ndi kabokosi pamene kabokosiko sikakufika kulikonse. Ndi zimene zidatichitikira ife.

Tsono chipangizo choyamba chofufuzira vuto muli nacho kale m'thumba. Tengani foni, muzimitse data yake, muilumikize ku Wi-Fi yomweyo. Foni ikatsegula masamba pamene kompyuta ikukana, vuto lili mu kompyuta. Zonse ziwiri zikakana, isiyeni kompyuta, ilibe mlandu: yang'anani kabokosi, bandulo ndi nsanja. Mayeso amenewa satenga mphindi ziwiri, koma akadatipulumutsa ulendo wa pa boma.

Tinene kuti vuto lili mu kompyuta. Yang'anani pansi, ku dzanja lamanja, pafupi ndi nthawi. Mukaona kachithunzi ka ndege, ndiye kuti wina adatseka mawailesi onse a kompyutayo, mwina mosadziwa. Malaputopu akale ambiri ali ndi kabatani m'mbali, kapena batani la m'mwamba lodinidwa pamodzi ndi lolembedwa Fn, ndipo mwana wosewera kapena nsalu yopukutira fumbi itha kulikhudza. Mukatsegula, dzina la Wi-Fi yanu liyenera kuoneka pa mndandanda. Likapanda kuoneka, sendezani kompyuta pafupi ndi kabokosi. Makoma a njerwa zootcha, malata ndi kabati yachitsulo zimafooketsa mphamvu yake, ndiye ife amene timatsekera kabokosi m'kabati poopa akuba tisadabwe. Komanso makabokosi atsopano amaulutsa pa njira ziwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz, koma makompyuta akale ambiri amamva yoyamba yokha.

Pa mau achinsinsi, amene achinyamata amati pasiwedi, tichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ife achikulire timagwa kawirikawiri. Ife amene tidaphunzira zauphunzitsi tidazolowera kukhululukira mwana wolemba chilembo chachikulu pakati pa mau. Kompyuta sikhululuka. Kwa iyo A ndi a ndi zinthu ziwiri. Nambala 0 ndi chilembo O zimafanana pa kapepala ka pansi pa kabokosi, chimodzimodzinso nambala 1 ndi chilembo l, makamaka magalasi tikawaiwala ku nyumba. Onani ngati nyali ya Caps Lock yayaka. Ndipo ngati bambo mfumu kapena mlembi adasintha pasiwedi, kompyuta imaumirirabe yakale. Dinani pa dzina la Wi-Fi, musankhe polembedwa Forget kuti iiwale, kenaka mulembe yatsopano mosathamanga.

Chinthu china chimene anthu sachiganizira ndi deti. Makompyuta ambiri amene tili nawo ndi a kaunjika. M'kati mwake muli kabatire kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kosunga nthawi. Kakatha, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tili m'chaka china chakale, ndipo masamba ambiri amakana kutseguka ngakhale Wi-Fi ili bwinobwino. Konzani deti ndi nthawi. Kabatireko n'kotsika mtengo. Koma ngati chizindikiro cha Wi-Fi chidasoweratu kuchokera tsiku limene munthu adaikamo Windows mwatsopano, ndiye kuti pakusowa kapulogalamu kotchedwa driver. Apa pokha ndi poyenera mmisiri, ndipo mumuuze inuyo chimene chasowa, asakuuzeni za mavairasi.

Nanga foni ndi kompyuta zonse zikakana? Funsani kaye bandulo, monga momwe mumafunsira pa foni. Kenaka zimitsani kabokosi, mudikire mphindi imodzi, muyatsenso. Kakhudzeni ndi dzanja: kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa, ndipo kabokosi koikidwa pa windo padzuwa kamatha kuima. Kuseri kwake kuli kabowo kolembedwa Reset. Musalowetsemo singano pokhapokha mukudziwa chimene mukuchita, chifukwa kamafufuta dzina ndi pasiwedi zimene mudaika. Inu a ku Chiponde ndi madera ena a m'malire, onaninso dzina la kampani limene likuoneka, poti simu khadi itha kugwira nsanja ya ku Mozambique, bandulo yanu ya kuno n'kukhala yosagwira ntchito.

Pa za bandulo pali nkhani ya chilungamo pakati pathu. Bandulo ya parishi imagulidwa ndi chopereka chanu. Ija idatha Lachitatu idatha chifukwa pasiwedi idali itayenda kuchoka kwa mmodzi kufika kwa achinyamata onse okhala pa khonde madzulo. Sitikuwanena, poti adaipereka ndife. Makabokosi ang'onoang'ono amalandiranso zipangizo zowerengeka, kotero kuti mafoni akadzaza, kompyuta ya mu ofesi imatsala panja. Windows nayo imadya bandulo mwakachetechete podzikonza yokha. Pali malo olembedwa Metered connection amene mukawatsegula imachepetsa dyera limeneli.

Zonsezi zikakhala bwino koma intaneti palibe, vuto lili kutali ndi ife. Nsanja imafuna magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi adavuta kwa miyezi yambiri. Mu Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja ya mchere zidaduka, intaneti nivuta m'maiko ambiri a kum'mawa kwa Africa, Malawi yemwe. Pa masiku otere palibe mmisiri wa pa boma amene angakuthandizeni, ndipo wokulipiritsani akukuberani. Funsani anzanu a pafupi ngati nawonso zikuwavuta.

Koma kudikira sikutanthauza kukhala chete. Amene wagula bandulo ali ndi ufulu wolandira chimene walipira. Netiweki ikasowa masiku angapo, kapena bandulo ikatha mosadziwika bwino, dandaulani ku kampani, mulembe tsiku, nthawi ndi nambala ya dandaulo imene akupatsani. Akapanda kukuthandizani, pitani nazo ku MACRA, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira makampani a mafoni ndi mawailesi, ndipo limalandira madandaulo a anthu. Dandaulo la mphakati wonse, lokhala ndi madeti, limamveka kuposa la munthu mmodzi wopsa mtima.

Ife mu ofesi tidagula kope la masamba 40. M'menemo timalemba tsiku logula bandulo, kukula kwake, tsiku lothera, ndi masiku amene netiweki idasowa. Pasiwedi timasintha mwezi uliwonse, ndipo amaidziwa ndi anthu atatu. Kopelo limasungidwa ndi mtsikana wa m'kwaya uja.