Mafupa Akale ndi Chiyambi cha Anthu

Kale anthu ophunzira a ku Ulaya ankayesa kuti mtundu wa anthu unayambira ku Asia kapena kwao komweko. Chigaza cha mwana chitapezeka ku Taung, ku South Africa, m'chaka cha 1924, Raymond Dart ananena kuti ndi cha mbale wa makolo a anthu, koma ambiri anamtsutsa. Lero akatswiri avomereza kuti chiyambi cha munthu chili mu Africa muno.

Komabe panatsala funso. Mafupa akale kwambiri ankapezeka ku Kenya, Tanzania ndi Ethiopia, ena ku South Africa, koma pakati ponse panali zii. Kodi anthu oyambawo anadzera kuti?

Yankho lina linatuluka ku Uraha, m'boma la Karonga. Kumeneko m'chaka cha 1991 gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano chokhala ndi mano ake, cha zaka ngati 2,400,000. Chibwanochi ndi chimodzi mwa zotsala zakale koposa za mtundu wa anthu. Chikusonyeza kuti dziko la m'mbali mwa nyanja ya Malawi linali njira yolumikiza kumpoto ndi kumwera.

Tsono pali nkhani ya Akafula, amene agogo amasimba kuti makolo anawapeza m'dziko muno. Pa phiri la Hora, ku Mzimba, panafukulidwa mafupa a anthu osaka nyama a zaka zoposa 8,000. M'chaka cha 2017 akatswiri atayeza DNA, ndiyo mbewu ya chibadwa yotsalira m'mafupa, anaona kuti anthuwo anali pa ubale ndi Asan a kumwera kwa Africa. Amalawi a lero sanachokere mwa iwo ayi. Makolo awo ndi alimi osula zitsulo amene anafika pambuyo pake. Chotero mwambo wa agogo ndi nzeru za sukulu zagwirizana.

Fupa lotere likachotsedwa pamalo pake, zaka zake zimavuta kudziwika, pakuti umboni uli m'dothi lolizungulira. Chifukwa chake mlimi wopeza mafupa olimba ngati mwala, kapena miyala yosemedwa, polima kapena pokumba chitsime, asaziphwanye kapena kuzigulitsa. Azisiye pomwepo, nakauze mfumu kapena a ku boma. Aphunzitsi nawonso awauze ana a sukulu zimenezi, pakuti oweta mbuzi ndiwo amayenda m'makwawa mmene madzi amafukula zinthu zotere.