Mabatire Akutha: Nchito ya Sukulu Yathu

Lero tikambirana za mabatire ndi zipangizo zamagetsi zimene zatha nchito.

Taganizani, ananu. Batire la m'toci kapena la m'wailesi likatha mphamvu, limapita kuti? Nanga foni yakufa? Kawirikawiri timaziponya kudzala pamodzi ndi makoko a nthoci. Makoko amaola nasanduka manyowa, koma zitsulo za m'batire siziola ai. Batire lalikulu la galimoto, limenenso ambiri amasungiramo magetsi a dzuwa, liri ndi asidi ndi mtovu. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo, ndipo mwanayo amabvutika kugwira maphunziro.

Ife a m'Zambia timaudziwa bwino mtovu. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma kufikira lero dothi la m'makomboni ena apafupi ndi mgodiwo likali ndi mtovu, ndipo ana ambiri apezeka nao m'magazi. Cimene calowa m'nthaka cimakhalitsa kuposa anthu amene anacitaya.

Bvuto la zinyalala zamagetsi likukula ponseponse. M'caka ca 2022 anthu pa dziko lonse lapansi anataya matani 62 miliyoni a zinyalalazi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa njira yoyenera sizinakwane gawo limodzi mwa magawo anai.

Kodi sukulu yanu ingacitepo ciani? Coyamba, sankhani kabungwe ka ana, ndipo mphunzitsi mmodzi akhale woyang'anira. Caciwiri, pezani ndowa yapulasitiki yokhala ndi cibvundikiro, muiike pamalo ouma ndi pamthunzi, kutali ndi moto ndi ana ang'ono. Cacitatu, muzimata tepi kumitu ya batire lirilonse musanaliponyemo, popeza mitu ikakhudzana, makamaka ya mabatire a foni, moto ungabuke. Cacinai, muzilemba m'buku zonse zimene mwalandira.

Tsopano mvetsetsani malamulo awa. Musaswe batire. Musaliike m'kamwa, makamaka tija tonga mabatani ta m'mawoci, pakuti mwana akatimeza timaocha kum'mero. Musatenthe mawaya pofuna mkuwa. Utsi wake ndi waululu. Batire la galimoto lisiyireni akulu. Mukatha nchito, sambani m'manja ndi sopo.

Inu aphunzitsi, musanayambe kusonkhanitsa, yambani mwadziwa kumene katunduyo adzapita, kuopa kuti sukulu ingasanduke dzala. Funsani ku khonsolo, kapena ku bungwe la ZEMA, limene liyang'anira za cilengedwe potsata lamulo la 2011, kuti akuuzeni amene ali ndi cilolezo colandira zinyalala zotere.

Ananu, nchito yanu ya sabata ino nayi: werengani zinthu zonse za kunyumba kwanu zimene zigwira nchito ndi mabatire, ndipo mufunse makolo kumene amataya mabatire akutha. Mayankho mukawapereke kwa aphunzitsi anu. Tsalani bwino.