Mabotolo Awiri Pathebulo: Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro a Osunga ndi Osakaniza Mankhwala

Wapampando wa mwambo uno, a Gogo Chalo ndi nduna zanu, akuluakulu a zaumoyo m'boma lino, aphunzitsi amene mwapirira ndi ana athuwa masabata onsewa, inu amene mukulandira masatifiketi lero, amayi ndi abambo, ndakuonani nonse. 

Pondiitana anandichenjeza kuti ndisatalikitse, chifukwa amayi kuseriku aphula kale mpunga. Choncho sindinalembe zambiri. Ndangobwera ndi mabotolo awiri awa.

Mwana wanga wakhala kutsogoloyo, tayandikira udzaonere anzako. Onse awiri ndi oyera ngati madzi a pamjigo. Ndikawapendeketsa chonchi, onse akuyenda mwaulesi. Fungo alibe. Mukanati mulawe, ndipo musayerekeze, onse ndi otsekemera. M'botolo limodzi muli gilisalini, wa mtundu womwe uja amayi amadzola mu Juni zidendene zikayamba ming'alu, amenenso timasungunuliramo mankhwala a ana. M'botolo linalo muli diethylene glycol. Ameneyu kwawo ndi ku fakitale: amalowa m'mafuta a mabuleki, m'penti, mu inki, m'madzi oziziritsira injini. Kumeneko amagwira ntchito yotamandika ndipo palibe akuti achotsedwe. Koma masipuni ochepa chabe akalowa m'mimba mwa mwana, pamudzi pamagwa maliro.

Mwina a Gogo Chalo akudabwa kuti zinthu ziwirizi zimakumana bwanji. Khanda silingameze piritsi, ndiye mankhwala ake ayenera kukhala amadzi. Tsono ufa wa mankhwala ena, monga paracetamol, susungunuka bwino m'madzi wamba. Pamafunika chosungunulira, ndipo opanga mankhwala amagwiritsa ntchito gilisalini kapena propylene glycol. Diethylene glycol nayenso amasungunula bwino lomwe, komanso ndi wotchipa kuposa anzakewo. Nkhani yonse yagona pamtengo wotsikawo.

M'chaka cha 1937, kampani ya S. E. Massengill ya ku Tennessee, ku America, inafuna kupanga mankhwala a sulfanilamide amadzi. Katswiri wawo, Harold Watkins, anawasungunula mu diethylene glycol, nathiramo kafungo ka zipatso kuti azikoma. Anayesa maonekedwe, fungo ndi kakomedwe, koma sanayese ngati angaphe, ndipo lamulo la nthawiyo silinkawakakamiza kutero. Anthu oposa 100 anafa, kuphatikizapo ana ambiri. Chaka chotsatira, 1938, dzikolo linakhazikitsa lamulo lakuti mankhwala atsopano azionetsedwa kaye kuti ndi osavulaza asanagulitsidwe.

Munthu ungaganize kuti dziko lapansi linaphunzira. Ayi ndithu. Ku Cape Town m'chaka cha 1969 ana 7 anafa ndi poizoni yemweyu. Ku Haiti pakati pa 1995 ndi 1996 ana oposa 80 anapita atamwa paracetamol wamadzi. Ku Nigeria m'chaka cha 2008 anali mankhwala a ana omera mano otchedwa My Pikin, ndipo ana 84 sanabwerere kunyumba. Ndiye za posachedwapa, zimene ambiri munamva pa wailesi: pa 5 Okutobala 2022 bungwe la World Health Organization linachenjeza za mitundu inayi ya mankhwala a chifuwa ndi chimfine opangidwa ku India, ana pafupifupi 70 atamwalira ku Gambia. Miyezi yomweyo zinaonekanso ku Indonesia ndi ku Uzbekistan, ndipo pofika Januwale 2023 bungweli linati maiko atatuwa ataya anthu oposa 300, ambiri osafika zaka 5.

Ndikufuna mumvetse mmene mwana amafera, kuti tsiku lina mukadzafuna kuchita zachidule mudzakumbukire. Poizoniyu akalowa m'thupi, chiwindi chimamusandutsa asidi, ndipo asidiyo amakawononga impso. Tsiku loyamba mwana amasanza, m'mimba mumapota, mwina kutsegula. Mayi amaganiza kuti ndi malungo, kapena kuti matenda aja akula, ndiye amawonjezera sipuni ina ya mankhwala omwewo. Taganizani, mayi wachikondi, usiku, atayatsa tochi ya foni kuti asapyole muyeso. Pakapita tsiku limodzi mpaka masiku atatu, thewera limangokhala louma. Mwana wasiya kukodza. Apo impso zaima, thupi limayamba kutupa, mwana amasokonezeka mutu, ena nkhope imafa mbali. Chotsala ndi makina osefa magazi a dialysis, ndipo inu mukudziwa kuti kuno kwathu makinawa ali m'zipatala zazikulu zowerengeka, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwana wa kumudzi kwa a Gogo Chalo angafikeko nthawi yake?

Pa nkhani zonsezi, imene imandisowetsa tulo ndi ya ku Panama ya 2006. Kumeneko opanga mankhwalawo anali labotale ya boma, anthu ophunzira ngati inu, opanda cholinga chopha aliyense. Migolo inachokera ku China, inadzera ku Spain, ndipo inafika ndi pepala lonena kuti muli gilisalini wabwino. Wamalonda aliyense amene migoloyo inadutsa m'manja mwake ankakopera pepalalo n'kuikapo dzina la kampani yake, koma palibe anatsegula mgolo n'kuyeza. Anthu oposa 100 anafa. Pepala linali lokongola, chidindo chili pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Inenso ndinachitapo zotere. Ndili mnyamata, ndangoyamba ntchito pa malo ena amene sindiwatchula, lole inabwera ndi migolo isanu madzulo a Lachisanu. Dalaivala ankafulumira, inenso mtima unali ku mpira. Ndinawerenga pepala, ndinasaina. Lolemba m'mawa abwana anga, mayi wachikulire wosakonda zoseka, anandifunsa kuti, "Mwalemba kuti katundu ali bwino. Mwaona ndi chiyani?" Ndinati ndaona pepala. Anati, "Ndiye kasungunulireni mankhwala m'pepalamo." Anandiuza nditape m'mgolo uliwonse pawokha, asanu onse, ndipo palibe unasuntha mpaka zotsatira zitabwera. Migoloyo inapezeka yabwino, koma manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Ndiye mverani, ana anga. Mgolo wa gilisalini kapena wa propylene glycol ukafika, uikeni padera ndi chizindikiro chakuti sunaloledwe. Tapani m'mgolo uliwonse, osati umodzi kuimira anzake. Muyeso wovomerezeka ndi wakuti diethylene glycol asapyole 0.10 peresenti, ndipo zimenezi diso silingaone, lilime silingamve. Zimafuna makina a gas chromatography. Ngati malo anu alibe, tumizani kumene ali, mudikire. Abwana akakalipa kuti ntchito yaima, akalipe. Mtengo ukatsika modabwitsa, funsani chifukwa chake. Mankhwala athu ambiri amachokera kunja, choncho inu a m'mafamase gulani okhawo olembetsedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, sungani manambala a gulu lililonse la katundu, ndipo mukamva kuti ana awiri atatu amene anamwa mankhwala amodzi asiya kukodza, imbani foni tsiku lomwelo.

Kwa inu a m'mafakitale ndi m'magalaja, mawu anga ndi achidule. Valani magolovesi ndi magalasi; pakhungu labwino poizoniyu salowa kwambiri, koma pabala amalowa. Akatayika, thiranipo mchenga muwole, musatsukire mu ngalande. Chizolowezi chokoka ndi pakamwa papaipi, ngati mmene timachitira ndi petulo, chithe. Ndipo chonde, mafuta a mabuleki asamathiridwe m'botolo la Sobo n'kuikidwa pansi pa bedi. Mwana saona zolemba, amamva kutsekemera. Migolo ndi zigubu zotha musagulitse kumsika. Ndaonapo ndi maso anga mgolo wa buluu wa ku fakitale, chizindikiro cha chigaza chikuonekabe, mayi akusungiramo madzi akumwa.

Wina akamwa mwangozi, musamusanzitse, musadikire kuti muone ngati mkaka uthandize. Thamangirani kuchipatala mutanyamula botololo. Madokotala amatchinga poizoniyu ndi mankhwala otchedwa fomepizole, kapena ndi ethanol woyezedwa bwino. Ndikuona abambo kumbuyoko akumwetulira atamva ethanol. Ayi bambo, sindinanene kachasu, ndipo sindinanene kunyumba.

Mwana wanga uja, wawayang'ana mokwanira. Lapoizoni ndi liti? Wati lakumanja? Dikira ndione pansi pake, pakuti ngakhale ine amene ndinathira ndekha dzulo sindingadziwe popanda kachizindikiro kamene ndinamata. Ndi lakumanzere. Aphunzitsi, litengeni ili mukalitsekere m'kabati ya poizoni mwambo usanapitirire, ana akusewera pabwalopa.

Wapampando, ndi ulemu wonse, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa. Itanani dzina loyamba.