Mapu amene chimpanzi amasunga m'mutu

Pakati pa tauni yathu ya Kabwe pali mkuyu waukulu uja umene boma linauika m'gulu la malo otetezedwa, ndipo wodziwa mkuyu amadziwanso khalidwe lake: nkhuyu zikapsa, mbalame ndi mileme zimaunjikana, pakapita masiku ochepa zonse zatha. Nyama yodalira chipatso chotere iyenera kudziwa pamene mtengowo uli, nyengo imene umabereka, ndiponso ola loyenera kufikapo anzake asanamalize. Lero tikambe za chimpanzi, nyani wamkulu wopanda mchira amene amakhala ku Congo, ku Tanzania ndi kumadzulo kwa Africa. Mfundo yanga ndi yakuti chimpanzi sangoyendayenda m'nkhalango mpaka mwayi umugwere. Amanyamuka akudziwa kale kumene akupita.

Umboni wina unaoneka mu 1973, pamene katswiri wina wa ku America, Emil Menzel, anafalitsa zimene anapeza ku Louisiana. Iye ankanyamula chimpanzi wamng'ono n'kuzungulira naye bwalo lalikulu, mnzake akubisa chakudya m'malo 18, chimpanziyo akuona. Atamumasula, anatola zambiri mwa zobisikazo, ndipo chodabwitsa ndi njira imene anadzera. Sanatsate mapazi a amene anamunyamula uja ayi. Anadzikonzera njira yachidule, kuchoka pobisika pena kupita poyandikana napo. Pamene anamubisira zipatso kwina, ndiwo zamasamba kwina, anayamba wathamangira zipatso. Wina anganene kuti linali fungo chabe. Koma m'bwalomo ankalowa pamodzi ndi anzake amene sanaone pobisapo, mphuno zawo zili bwinobwino, ndipo iwo ankapeza zochepa kwambiri.

Mwina mukuti zimenezo n'za nyama yoweta, yozolowera anthu. Chabwino, tiyeni kutchire. M'nkhalango ya Taï, ku Ivory Coast, Christophe ndi Hedwige Boesch anaona achimpanzi akuswa mtedza wolimba wa m'mitengo ndi miyala. Miyala m'nkhalangomo ndi yosowa, masamba ndi othithikana moti suona patali. Komabe chimpanzi akafuna kuswa mtedza pa mtengo wakutiwakuti, kawirikawiri amakatenga mwala umene uli pafupi ndi mtengowo, ngakhale mwalawo sukuoneka pamene iye waima. Ndiye kuti akukumbukira pamene miyala ingapo inasiyidwa, ndipo akuyerekeza mitunda yake m'mutu. M'nkhalango yomweyo, Karline Janmaat ndi anzake anatsatira achimpanzi aakazi asanu, n'kufalitsa zimene anapeza mu 2014. Chakudya cha m'mawa chikakhala nkhuyu, ndipo mkuyuwo uli kutali, achimpanziwa ankatsika m'zisa zawo kusanache, nthawi imene akambuku amasaka, pofuna kufika mbalame ndi apusi asanadye. Chikakhala chipatso chosatha msanga, sankafulumira. Madzulo ankamanga zisa cha kumene kuli mkuyu wa mawa. Nyama yongotsata chizolowezi ikanadzuka ola limodzimodzi tsiku lililonse. Iyi ikusintha ola molingana ndi mtunda ndi mtundu wa chipatso, zili ngati mayi wogulitsa pamsika amene amalawirira kwambiri tsiku limene katundu ndi wochepa, omufuna ali ambiri.

Sindikunena kuti chimpanzi amaganiza ndi mawu ngati ife, ndipo ndikuvomereza kuti njovu ndi mbalame zina nazonso zimakumbukira malo. Zimenezo sizikuchepetsa chimpanzi. Zikusonyeza kuti nzeru imeneyi imaphuka kulikonse kumene chakudya chili chamwazimwazi ndipo chimabwera ndi nyengo. Kumadzulo kwa Tanzania, ku chigwa cha Issa, kuli achimpanzi okhala m'thengo la miombo lofanana ndi lathu lino, ndipo amayenda dera lalikulu kuposa anzawo a m'nkhalango zowirira. Mwini chigaza cha munthu wakalekale chimene chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill muno mu Kabwe mu 1921, chimene tsopano chili ku London, anakhala kuno zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, wopanda munda, wopanda nkhokwe. Nayenso moyo wake unadalira kukumbukira kumene kuli madzi ndi zipatso.

N'chifukwa chake nkhani ya Chimfunshi, malo osamalira achimpanzi, imandikhudza. Malowa ali pafupi ndi Chingola, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, ndipo anayamba mu 1983 pamene David ndi Sheila Siddle analandira kamwana ka chimpanzi kovulala, kolandidwa kwa ozembetsa nyama. Lero kuli achimpanzi oposa 100. Mwana wa chimpanzi amayamwa zaka ngati zisanu ndipo amakhala pambuyo pa mayi ake kwa zaka zinanso, akuphunzira mtengo uliwonse ndi nyengo yake. Mlenje akapha mayiyo kuti agulitse mwana, mapu onsewo amafera pomwepo. Mabala a mwanayo angathe kupola, anzake atsopano angawapeze, koma kukamusiya m'nkhalango yachilendo n'kumusiya ndi njala pakati pa chakudya chimene sadziwa pamene chili.