Zaka zisanu pakati pa malalanje a eni

Ine si munthu wa sukulu, ndinalekera kalasi 5, tsono mawu akapotoka mundikhululukire. Mwandipempha kuti ndikambeko za moyo wa ku Joni, poti pulogalamu ya sabata yatha inanena za anyamata amene akugulitsa mbuzi ndi feteleza kuti apeze ya basi.

Ndinanyamuka pa Ulongwe mu 2016, mvula itatinamiza chaka chimenecho. Njira mukuidziwa: Tete, Cuchamano, Harare, mpaka kuwoloka pa Beitbridge. Pasipoti yathu amaidinda masiku 30 okha. Masikuwo akatha umasanduka khoswe, ukangoona galimoto ya apolisi mtima uli phaa! Ntchito ndinaipeza pa famu ya malalanje kufupi ndi Tzaneen, m'chigawo cha Limpopo. Thumba paphewa, makwerero m'manja, kuyambira mbandakucha. Mu 2019 boma la kumeneko linalamula kuti wa pa famu azilandira 18 randi pa ola, koma ife opanda mapepala tinkangolandira zimene kapitawo walemba. Ukadandaule kwa yani?

Koma lero sindinabwerere za ndalama. Ndikufuna ndikambe za madzulo, chifukwa munthu wa kunja amadwala madzulo.

M'komboni mwathu tinalimo mitundu itatu: ife a ku Mozambique, a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe. Tikatha kudya, nkhani inali ndale basi. Mu Novembala 2017, a Mugabe atatula pansi udindo, anzathu a ku Zimbabwe anavina usiku wonse, mawa lake malalanje ankawagwa m'manja ndi tulo. Mu Meyi 2018 tinamva za imfa ya a Dhlakama, ndipo ife a kwathu kuno tinakangana mpaka wina anataya nsima. Mu 2020 khoti la ku Malawi litafafaniza chisankho, a ku Malawi anatiyendera ndi mapewa mwezi wathunthu. Tonsefe tinali akatswiri a ndale pamoto. Koma pa 15 Okutobala 2019, tsiku lovota kwathu kuno, ine ndinali pamwamba pa mtengo, ndikudulira. Lamulo limalola ndithu kuti a ku Mozambique okhala ku South Africa avote, alinso ndi mpando wa phungu woimira amene ali m'mayiko a mu Africa. Ine sindinalembetse. Kunali kutali, komanso ndinkaopa kuonetsa nkhope kumene kuli mabuku a boma. Pakamwa ndinali nzika, koma chala changa chinalibe inki.

Chimene chinandisunga mutu ndi buku. Mdala wina wa ku Dedza, amene anachona kalekale, anali ndi buku lakale lotchedwa Nthondo, lolembedwa ndi a Samuel Nthara. Chikuto chinatha, masamba ena anamatidwa ndi phala. Maso ake anali atafooka, ndiye anati, "Mphwanga, undiwerengere." Manyazi anandigwira. Kusukulu ife tinaphunzira m'Chipwitikizi, chilankhulo chathuchi ndinkangochiona m'buku la nyimbo kutchalitchi. Ndinayamba ngati ngolo ya ng'ombe pamatope, liwu limodzilimodzi, mdala uja n'kumandikonza. Patapita miyezi iwiri anyamata anayamba kusiya bawo kudzamvera. Tinalimaliza katatu. Si kuti nkhaniyo tinkaiiwala ayi, koma m'menemo munali nkhokwe, maliro, mfumu ndi bwalo lake, zinthu zimene pa famu ya mzungu kulibe. Mdala uja ankatseka maso, mwina ankaona kwawo.

Tsono za kunyumba. Ndinasiya mayi a kunyumba ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri. Ndalama ndinkatumiza, sindinganame, malata ali padenga pangawa anachokera kumeneko. Koma pa foni nkhani yathu inali imodzi: "Zafika?" "Zafika." "Feteleza mwagula?" Basi, mayunitsi atha. Mkazi wanga ankalima yekha, kupalira yekha, mwana akadwala malungo kumubereka yekha usiku kupita kuchipatala. Ine ndinkaganiza kuti randi ikugwira ntchito yanga yonse. Tsiku lina anandiuza mosapsatira kuti, "Bambo a mwana, kuno takwatiwa ndi foni." Ndinakwiya masiku atatu, kenaka ndinaona kuti sananame.

Kuyambira apo ndinasintha pang'ono. Lamulungu lililonse ndinkajambula mawu pa WhatsApp, kuwerenga tsamba limodzi la buku lija kapena kusimba nthano ya Kalulu, n'kutumiza pa foni ya alamu anga kuti akamvetsere mwanayo. Zinathandiza, koma musaganize kuti zinakonza zonse. Nditabwera mu 2021, matenda a Covid atatisokoneza ntchito, mwana anathawira kuseri kwa nkhokwe. Anali ndi zaka 7. Amayi ake akumukoka, iye akukana. Nditayankhula m'pamene anasuzumira n'kunena kuti, "Awa ndi aja a m'foni." Anazindikira mawu, osati nkhope. Zinatenga mpaka nyengo yokolola kuti anditchule kuti ababa osachita kuuzidwa.

Inu achinyamata, sindikuti musapite. Ndine yani ine woti ndikuletseni, pamene malata anga mukuwaona? Ndikungoti musananyamuke mukhale pansi ndi akazi anu, mupangane chaka chobwerera, ndipo atsibweni amve nawo. Mdala wa ku Dedza uja anapita kuti akakhale nyengo imodzi yothyola. Pamene ndinkatsanzikana naye anali atatha zaka zoposa 20, ana ake anakwatira iye kulibe.

Buku lija anakana kundipatsa. Anati nalonso likachoka atsala ndi chiyani. N'chifukwa chake ndikupempha a kalabu, pa ndalama zimene timasonkha mwezi ndi mwezi, tipatuleko pang'ono tigule mabuku a chilankhulo chathu, ngakhale asanu okha, azikhala m'bokosi limodzi ndi wailesi. Wopita ku msika wa ku Dedza angatifunsireko mitengo.