Mtanda wa Pamapewa a Galimoto Yakale

 M'pologalamu ya lero tikamba za magalimoto akale, ndi za chitsulo chimodzi chimene chingawatalikitsire moyo.

Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere, kuchokera pa Masasa kufika pa Golomoti, akudziwa mmene msewuwo umakhotera. Pamalo paliponse pokhota, kulemera kwa galimoto kumatsamira mbali imodzi. Tikafika kuchigwa, n'kusiya tala wa M5 kulowa m'misewu ya fumbi yopita kumidzi ndi kunyanja, timakumana ndi maenje ndi mabampu. Zonsezi zimatopetsa bodi ya galimoto, makamaka kutsogolo.

Magalimoto monga Peugeot 404, imene inatuluka mu 1960, Peugeot 504 ya mu 1968, ndi Datsun 120Y, ali ndi miyendo ya kutsogolo ya mtundu wotchedwa MacPherson, dzina la katswiri wa ku America, Earle MacPherson. Pamtundu umenewu, shoko ndi sipuling'i zimakhala pamodzi ngati mwendo umodzi, ndipo mutu wa mwendowo umamangidwa ku bodi. Mukatsekula boneti muona malo awiri otukuka, kumanja ndi kumanzere, okhala ndi manati pamwamba. Malo amenewa tiwatche mapewa a galimoto. Magalimotowa ndi olimba ndithu: 404 inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Komabe chitsulo chimakalamba. Patapita zaka zambiri mapewawa amayamba kugwedera, nthawi zina kung'aluka kumene, ndipo chiwongolero sichimvera bwino pokhota.

Tsono amisiri anapeza njira yolumikiza mapewa awiriwa ndi chitsulo chopingasa pamwamba pa injini. Pachingerezi amachitcha strut brace. Ife titi mtanda, pakuti ntchito yake ndi yofanana ndi ya mtanda wa denga umene umagwira zipupa ziwiri kuti zisatayane. Phewa limodzi likafuna kupendekeka, linzake limaligwira.

Posankha mtanda, ganizirani zinthu zinayi. Choyamba, onani ngati galimoto yanu ikuufuna. Land Rover yakale ndi lole ya Bedford zili ndi chesesi ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Zilibe mapewa otere, ndipo kuzigulira mtanda ndi kutaya ndalama. Chachiwiri, fufuzani dzimbiri. Palani dothi ndi utoto wofufuma pamapewa, muone ngati pali ming'alu. Phewa lodyeka liyambe lawotchereredwa ndi mmisiri wodziwa ntchito, chifukwa mtanda womangidwa pachitsulo chowola ungokulitsa mng'alu. Chachitatu, mtanda ukhale wa muyeso wa galimoto yanuyo. Usakhudze boneti ikatsekedwa, usagunde sefa ya mpweya, batire kapena kabotolo ka mafuta a mabuleki, ndipo pakhale mpata pakati pa mtandawo ndi injini, popeza injini imagwedezeka ikamalira. Chachinayi, sankhani wolimba. Wa paipi yachitsulo yochindikala, wopanda mfundo zopindika, umagwira bwino koposa wa mahinjesi. Wa aluminiyamu ndi wopepuka koma ndi wovuta kuwotcherera ukathyoka, pamene wachitsulo mmisiri wa pamsika angathe kuukonza.

Pomanga, imikani galimoto pamalo osalala, matayala onse ali pansi ndipo akutsogolo ali chiwongokere. Musaikweze pajeke, pakuti mukamasula manati galimoto ili m'mwamba mwendo ungagwe. Masulani manati a m'mbali okha, amene kawirikawiri amakhala atatu. Apa mvetsetsani, omvera: nati yaikulu ya pakati musaikhudze. Imeneyo ndiyo imagwira sipuling'i yopanikizidwa mwamphamvu, ndipo ikafwamphuka ingathe kuvulaza munthu koopsa.

Yambani mbali imodzi, ikani mbale ya mtanda, bwezerani manati osamanga kwambiri, kenaka chitani chimodzimodzi mbali inayo. Onetsetsani kuti mabawuti akutulukira pamwamba pa manati. Ngati mbale yachindikala kotero kuti nati ikungogwira pang'ono, mtanda umenewo si woyenera. Mtanda ulowe wokha, osaukakamiza ndi nyundo kapena kukoka mapewa kuti afikane nawo. Zonse zikakhala m'malo, mangitsani manati mofanana, pa mphamvu imene buku la galimotoyo likunena. Musawotcherere mtanda ku bodi, chifukwa tsiku lokonza injini mudzafuna kuuchotsa. Mukayenda masiku angapo, onaninso manati onse, ndipo kayezetseni matayala kugalaja.

Potsiriza, tinene zoona zake. Mtanda si mankhwala a matenda onse. Mashoko otha, malabala odyeka, matayala osalala ndi mabuleki ofooka, zonsezi sizichira ndi mtanda. Komanso pangozi, mtanda ungapatsire mbali inayo mphamvu ya kugunda. Galimoto imene imanyamula odwala kupita ku chipatala cha Mua, kapena nsomba ndi mpunga kukwera nazo ku Dedza, yanyamula miyoyo ndi chuma cha banja. Konzani kaye zofunikazo, ndipo mtanda ubwere pambuyo kudzalimbitsa chimene chili kale bwino.